Adayamba Asanja Njerwa Popanda Matope

 Ife tonse amene tidaphunzira pa HHI tidadutsa kosawerengeka pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ena tidapemphereramo, ena tidajambulitsa zithunzi pakhomo pake, ndipo ena mwa ife adamangitsiramo maukwati awo. Koma chinthu ukachizolowera sumachionanso. Ndikukayika ngati ambiri a ife tidaimapo tsiku lina n'kudzifunsa kuti kodi nyumba imeneyi adaimanga ndani, nanga adaimanga bwanji. Ndati ndilembe za kamangidwe kake chifukwa muli phunziro la khama ndi kuyeseza limene ana athu akulisowa masiku ano, ndipo oyenera kuwauza ndife.

Mmene zinthu zidaliri

Misheni ya Blantyre idayamba m'chaka cha 1876. Henry Henderson, amene sukulu yathu idatenga dzina lake, ndiye adayendayenda m'mapiri akuno pamodzi ndi womasulira wake, Tom Bokwito, kufunafuna malo oyenera, mpaka adapeza malo ano m'dziko la mfumu Kapeni. Dzina lakuti Blantyre adalitenga ku mudzi wa ku Scotland kumene adabadwira David Livingstone.

Zaka zoyambazo sizidayende bwino. Amishoni oyamba adadziyesa mafumu ndi oweruza milandu, ankakwapula anthu, ndipo mbiri yoipayi itamveka ku Scotland mu 1880, mpingo wa kumeneko udatumiza anthu kudzafufuza. Mtsogoleri wa misheni, Duff MacDonald, adachotsedwa pamodzi ndi anzake ena. Motero pamene Mbusa David Clement Scott ankafika mu 1881 adapeza misheni yonyozeka, yofunika kuiyambanso.

Ntchito yomanga tchalitchi idayamba mu 1888. Tiyenera kukumbukira mmene dziko lidaliri pa nthawiyo. Boma la atsamunda lidali lisanakhazikike, ndipo malonda a akapolo adali asanathe. Zaka zinayi zokha m'mbuyomo, mu 1884, Angoni adali atawoloka Shire n'kudzathira nkhondo m'midzi ya mapiri ano. Njanji idafika ku Blantyre patapita zaka 20, mu 1908. Katundu aliyense wochokera kunja ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, ndipo kuchokera kumeneko amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye chitunda chonse chija mpaka ku Blantyre. Munthu sakadaitanitsa njerwa kunja. Chilichonse cholemera chidayenera kupangidwa konkuno.

Opanda pulani, opanda mmisiri

Scott adaphunzira pa Yunivesite ya Edinburgh ndipo adali munthu wanzeru kwambiri, koma maphunziro ake adali a ubusa. Za kamangidwe ka nyumba sadaphunzirepo m'kalasi. Anthu amene adagwira naye ntchito adali akuno kwathu, ndipo adali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewu. Chodabwitsa china n'chakuti Scott sadajambule pulani yatsatanetsatane ntchito isanayambe, monga amachitira akatswiri a zomangamanga.

Sindikunena kuti makolo athuwo adali anthu opanda luso, ayi. Livingstone atafika m'dera la Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, ndiponso akuomba nsalu za thonje lolima okha. Amayi ankaumba mbiya ndi miphika n'kuiotcha. Dongo ndi moto ankazidziwa bwino lomwe. Chachilendo kwa iwo chidali kuumba njerwa zikwizikwi zofanana, kuimika khoma lalitali losapendekeka, ndi kukhotetsa njerwa pamwamba pa khomo popanda mtanda wozigwira.

Nyumba imene anthu amenewa adamanga ndi ya mafiti 106 m'litali ndi mafiti 30 m'lifupi, ndipo msinkhu wake kufika pamwamba pa denga ndi mafiti 37. Njerwa zonse adaumbira pomwepo ndi dothi la pomwepo, n'kuziotcha m'mauvuni a nkhuni. Njerwa wamba zidali za mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kuchindikala kwake, zazikulu kuposa zimene timaumba masiku ano. Adazisanja mosinthanitsa, mzere wina zogona m'litali, wotsatira zopingasa, kuti khoma limangane lokha. Koma amene adaphunzira nyumbayi amati muli mitundu ya njerwa yokwana 81. Zina n'zokhota, zina n'zosongoka mbali imodzi, zina n'zokongoletsera.

Misampha ya njerwa

Aliyense wa ife amene adaumbitsapo njerwa kumudzi akudziwa kuti ntchitoyi ili ndi misampha yake. Dothi likachuluka mchenga njerwa imafumbutuka, likachuluka dongo imang'aluka pouma. Uyenera kuliponda mpaka lifewe mofanana, kuliponya m'chikombole mwamphamvu kuti lidzaze m'makona monse, ndi kufunditsa njerwa zaziwisizo ndi udzu kuti dzuwa lisaziumitse mofulumira. Njerwa imafota ikamauma ndiponso ikamapsa, choncho chikombole chiyenera kukulirapo kuposa njerwa imene ukufuna. Pa uvuni napo pali zake. Za m'mbali zimatuluka zosapsa, zoyandikana ndi moto zimapserera n'kupindika, ndipo wosonkhezera akagona tulo usiku umodzi, thukuta la miyezi limapita pachabe. Mvula ikayamba, kuumba kumaima. Mmisiri wodziwa amagundanitsa njerwa ziwiri n'kumvetsera kulira kwake, pomwepo amadziwa ngati zapsa. Khutu lotere munthu salipeza m'buku.

Tsono taganizani za mitundu 81. Mtundu uliwonse ukufuna chikombole chake, ndipo chikombole chilichonse chiyenera kupalidwa moganizira mmene njerwayo idzafotere. Palibe munthu amene angapale chikombole cha njerwa yokhota n'kulasa tsiku loyamba. Amaumba, amaotcha, amayesa, ikakana amakonza chikombole n'kuyambiranso. Tikamayang'ana zokongoletsa za pamakoma aja tidzikumbukira kuti kuseri kwa njerwa iliyonse imene idalowa m'khoma kuli zinzake zimene zidatayidwa.

Kumanga kawiri

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Popeza padalibe pulani yolembedwa, Scott ndi anthu ake adatsata njira yawoyawo. Asanamange chigawo chilichonse, ankayamba asanja njerwa popanda matope n'kuona ngati zikugwirizana. Zikakana ankaphwasula n'kusanjanso. Zikalola, m'pamene ankazimanga ndi matope pamalo pake. Tinganene kuti tchalitchi chimenechi chidamangidwa kawiri, kapena koposa apo. Ife timaona kumanga komaliza kokha.

Kuti timvetse chifukwa chake njirayi idali yofunika, tiganizire za makomo ndi mazenera aja okhota pamwamba ngati uta. Njerwa za pa uta wotere sizigwiridwa ndi matope okha. Iliyonse ndi yopyapyala kunsi ndi yonenepa kumwamba, kotero kuti ikafuna kugwa imapanikiza inzake, inzakeyo n'kupanikizanso ina, mpaka kulemera konse kukatsikira m'makoma a m'mbali. Pomanga amayamba aika chimango cha matabwa, n'kusanja njerwa pamwamba pake kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo ya pakati imalowa pomaliza n'kutseka. Akachotsa chimango, choonadi chimaoneka. Ngati njerwa imodzi idalakwika, kapena khoma la m'mbali ndi lofooka, uta umakankhira khomalo kunja n'kugwa. N'chifukwa chake kunja kwa tchalitchichi kuli zipilala zochirikiza makoma. Denga lija lobulungira ngati mphika wovundikira limatsata lamulo lomweli, kungoti ilo limakankha mbali zonse.

Munthu wosaphunzira masamu a zomangamanga angadziwe bwanji kuti uta wake udzaima? Alibe njira ina koma kuyesa pamene kulakwa sikungaphe munthu. Njerwa zosanja popanda matope zikagwa, umangotola. Zikagwa zili pamwamba pa mitu ya anthu opemphera, ndi maliro. Anthu aja adasankha kulakwitsa pansi kambirimbiri kuti asadzalakwitse m'mwamba. Ndipo pamene ankasanja ndi kuphwasula, manja awo ankaphunzira. Munthu amene adafika pa ntchitoyo mu 1888 ngati woponda dothi sakadachokapo mu 1891 ali chimodzimodzi. Mukadzapitakonso mudzayang'ane nsanja ziwiri za kutsogolo, mudzaona kuti sizifanana. Kwa ine kusiyana kumeneko ndi umboni wa nyumba imene idakula pamodzi ndi luso la oimanga.

Chaka cha misozi ndi chikondwerero

Ntchitoyi idatenga pafupifupi zaka zitatu, ndipo miyezi yomaliza idali yowawa. Kumayambiriro kwa 1891 matenda a pakhosi otchedwa diphtheria adalowa pa misheni. Mwana wa Henderson adamwalira, mkazi wake adamwalira, ndipo Dokotala John Bowie, amene adayesetsa kupulumutsa mwanayo, adatenga matendawo n'kumwaliranso. Henderson mwini adamwalirira ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwawo. Amenewa adali abale a Scott, popeza mkazi wake adali mlongo wa Bowie ndiponso mbale wa Mayi Henderson. Komabe ntchito siidaime, ndipo tchalitchi chidatsegulidwa pa 10 Meyi 1891. Munthu amene adasankha malowa sadachione chitatha. Sukulu yathu idatsegulidwa mu 1909 ndipo idatchedwa dzina lake.

Alexander Hetherwick, amene adadzatsogolera misheniyi pambuyo pa Scott, ankati ichi chidali tchalitchi choyamba chokhalitsa kumangidwa pakati pa mitsinje ya Zambezi ndi Nile. Limba lalikulu lidaikidwamo mu 1907, magetsi mu 1912, ndipo chidakonzedwanso m'zaka za m'ma 1970. Lero papita zaka zoposa 130 chikadali chiimire.

Njira yomweyo pa mawu ndi pa anthu

Amene angaganize kuti kumanga tchalitchiku udali mwayi chabe ayang'ane ntchito ina imene Scott adachita m'zaka zomwezo. Mu 1892 adatulutsa buku lotanthauzira mawu lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silidangondandalika mawu ndi matanthauzo ake m'Chingerezi. Lidafotokozanso miyambo, miyambi, masewera ndi kakhalidwe ka anthu. Buku lotere limalembedwa liwu limodzilimodzi. Uyenera kukhala pansi ndi eni chiyankhulo, kufunsa, kulemba, kulitchula molakwika, kusekedwa, n'kukonza. Scott adachita zimenezi kwa zaka pafupifupi 10. Hetherwick adadzalikonzanso n'kulitulutsa mu 1929 ndi dzina lakuti Dictionary of the Nyanja Language. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Pophunzitsa anthu napo adatsata njira yomweyo. Pofika mu 1894 adali atasankha amuna asanu ndi awiri kukhala madikoni, n'kuwapatsa ntchito zenizeni iye akuwayang'anira, monga muja ankasanjira njerwa asanazimange. Nditchulepo atatu. Harry Kambwiri Matecheta adatumidwa kukagwira ntchito pakati pa Angoni ku Nthumbi, ndipo adatumikira zaka zoposa 15 asanadzozedwe ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. Awiriwa ndiwo adali abusa oyamba achikuda a Misheni ya Blantyre. Mu 1951 Matecheta adatulutsa buku la mbiri ya chiyambi cha misheniyi m'chiyankhulo chathu. Mungo Murray Chisuse adaphunzira ntchito yosindikiza mabuku, mpaka adakaonjezera luso lake ku Edinburgh, n'kudzayang'anira makina osindikizira a pa misheni. Adalinso katswiri wojambula zithunzi, ndipo zina mwa zithunzi za John Chilembwe zimene timaona m'mabuku a mbiri adajambula ndi iye. John Gray Kufa adaphunzira zachipatala ndipo adali mmodzi wa anthu akuda oyamba m'dziko muno kudziwa ntchito yothandiza dokotala.

Mafunso awiri

Wina angafunse kuti, kodi zonsezi si mphatso chabe? Scott sadali munthu wamba. N'zoona, mphatso adali nayo, ndipo sindingakane kuti Mulungu amagawa mosiyana. Koma mphatso yake ikadakhala yokwanira, sakadavutika n'kusanja njerwa pansi. Akadangoloza ndi chala, anthu n'kumanga. Iye adadziwa kuti chimene waona m'mutu chiyenera kuyesedwa ndi manja, ndipo manja ambiri amene adachiyesa sadali ake. Mutu umodzi susenza denga. Dzina limene timatchula ndi la Scott, koma ulemu wa nyumba ija ndi wa oponda dothi, odula nkhuni, otunga madzi, opala zikombole ndi omanga amene adalola kuphwasula ntchito ya dzulo n'kuyambanso lero.

Funso lachiwiri ndi lolemerapo. Kodi khama lililonse limafikitsa munthu patali? Mbiri ya dziko lathu ikuti ayi. Makolo athu adagwira thangata m'minda ya atsamunda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo palibe chimene adatolapo. Kumeneko kudali kukhetsa thukuta kopanda phunziro, kopindulira wina. Khama limene ndikunena pano ndi lija lakuti ukabwereza ntchito, pali wina wokuonetsa pamene walakwa, ndipo mawa umaichita bwino kuposa dzulo. Luso lotere limatsala m'manja mwako.

Ngakhale khama lotere lidakumana ndi khoma m'masiku a atsamunda. Scott adadzudzulidwa ndi azungu anzake, akuno ndi a ku Scotland omwe, ndipo china mwa zifukwa chidali chakuti ankapatsa anthu akuda maudindo. Adachoka ku Blantyre mu 1898, kenaka adakagwira ntchito ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene adamwalirira mu 1907. John Gray Kufa, ndi maphunziro ake onse, adaona kuti m'dziko lolamulidwa ndi ena munthu wakuda ali ndi malire amene sangapyole. Adagwirizana ndi Chilembwe, ndipo boma la atsamunda lidamupha mu 1915. Choncho khama silichotsa chisalungamo palokha. Koma onani kuti anthu amene adayamba kufunsa mafunso ovuta kwa atsamunda adali omwewo amene adadziwa ntchito zawo mosakayikitsa. Munthu wodziwa ntchito yake ndi wovuta kumunamiza kuti ndi wopanda pake.

Kwa ife ophunzira akale

Masiku ano takonda kumanga kamodzi. Mwana akufuna satifiketi koma sakufuna kubwereza samu imene yamukanika. Amadikira likasa. Tonse tikukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso kumayambiriro kwa 2021. Ndalama zogulira mapepala otere kawirikawiri sizichokera m'thumba la mwana. Zimachokera kwa ife akuluakulu. Mwana wokhoza ndi likasa ali ngati uta umene sudayesedwe pansi. Umaoneka bwino chimango chikadalipo, koma tsiku lidzafika pamene adzakhala yekha m'chipinda cha odwala, kapena pa mlatho umene akumanga, kapena kutsogolo kwa kalasi, ndipo chimango chidzakhala chitachotsedwa.

Aphunzitsi athu ankatibwerezetsa. Chimangirizo chikadzaza inki yofiira unkachilembanso. Samu ukalakwa unkakonza pansi pake usanapite ku ina. A kwaya ankabwereza mzere umodzi mpaka mawu onse atalowana. Pa nthawiyo tinkaona ngati nkhanza, koma kumeneko kudali kusanja njerwa popanda matope, pamalo pamene kulakwa kudalibe mtengo waukulu. Sukulu ntchito yake ndi imeneyo.

Ndili ndi mapempho awiri kwa inu anzanga. Loyamba, tikamaitanidwa kukayankhula ndi ana a sukulu, tisamangowauza maudindo amene tili nawo ndi maiko amene tidayendako. Tiziwauzanso za zaka zimene tidali kuphunzira ntchito pansi pa ena, ndi kuchuluka kwa nthawi zimene tidabwereza chinthu chimodzi tisanachidziwe. Ana akamangoona nyumba yotha amaganiza kuti idamera ngati bowa. Lachiwiri, ife amene tili ndi magalaja, maofesi, minda, zipatala ndi malo opalira matabwa, titengeko mwana mmodzi kapena awiri pa nthawi ya tchuthi. Timpatse ntchito yeniyeni, timlole alakwitse, timuonetse pamene walakwa, ndipo achitenso. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kuleza mtima kumene anthu ena adatilezera ife.

Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwata njiwa. Anthu amene adamanga tchalitchi cha pa Misheni adalibe satifiketi ya zomangamanga, adalibe makina, ndipo adalibe pulani. Adali ndi dothi, nkhuni, ndi mtima wolola kuyambanso. Ana athu ali ndi mabuku, magetsi ndi makompyuta. Chimene tingawaonjezere ife ndi mtima umenewo.

Mulungu adalitse sukulu yathu ndi bungwe lathu.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wakale